Chigafa cha Stefano

"Ndati chigafacho chipse, ndipo chipsa!" adakalipa Saulosi akuloza kuseri kwa nyumba. "Munthu ameneyu alongedze zake abwerere kwawo kwa Zulu. Kodi ndikuyankhula Chizungu?"

"Chichewa chanu ndikuchimva bwinobwino, achimwene," adayankha Benedicta, ali chilili pakhomo, manja m'chiuno. "Chomwe sindikumva n'chakuti mukutentha chigafa cha ndani, fodya wa ndani, pa mlandu wanji."

"Ukufunsa mlandu? Anthu onse kuyambira pano mpaka ku Ludzi akutiloza zala, iwe n'kumafunsa mlandu?"

Nkhani yake idali yoti Lachiwiri la sabata yapitayo, m'mawa, Benedicta adapeza mwamuna wake Stefano atadzimangirira m'chigafa chawo cha fodya. Adadula chingwe ndi chikwakwa, nakuwa mpaka anthu adabwera. Stefano adatsitsimukira kuchipatala, ndipo atagonako masiku angapo adamutulutsa. Tsopano adali m'nyumbamo, kuseri kwa chitseko, akumva mawu alionse. Saulosi, mlongo wake wamkulu wa Benedicta komanso mwini mbumba, ankadziwa bwino kuti mlamu wake akumva. N'chifukwa chake ankakweza mawu.

Pamudzi pathu pali mwambo. Munthu akadzimangirira mumtengo, mtengowo timaudula n'kuutentha mpaka chitsa, ati kuti imfayo isazolowere pakhomo. Makolo adaika mwambowu poganizira munthu woti wapita. Za munthu wopulumuka sadasiyepo mawu, mwina poona kuti pamenepo sipafunika malangizo: munthu wabwerera, mulandireni. Koma ife, ndi nzeru zathu zochulukazi, ndi pomwepo pamene tidapunthwa.

"Mwambo umenewo ndi wa akufa," adatero Benedicta. "Bambo a Chiso ali moyo. Adya phala m'mawa uno."

"Kwa ife adafa Lachiwiri lija. Amene udatsitsa uja ndi mtembo woyenda. Ukufuna ana ako akulire pakhomo pamene bambo wawo adawaonetsa njira imeneyo? Mawa Chiso akadzalakwiridwa kusukulu adzathamangira chingwe, adzati ndi za kumtundu."

"Akumva m'nyumbamu!"

"Amve! Mwamuna wanji wothawa ana? Mwamuna akakumana ndi mavuto amaluma mano. Iyeyu adafuna atisiyire maliro ndi manyazi, iye ali phee kumanda. Kumeneko ndi kudzikonda, mlongo wanga, palibe dzina lina."

Benedicta adatsika pakhonde n'kuima pafupi ndi mlongo wakeyo, moti Saulosi adabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mavuto ake ati amene anayenera kulumira mano? Atchuleni. Mukuchita manyazi? Ndikutchulirani ine. Munda wa kudambo uja, adaswa mphanje ndani? Adazula zitsa ndani? Manyowa ankatuta pamutu chaka ndi chaka ndani, inu muli ku Mlonyeni kwa akazi anu? Amayi angotseka maso, inu mwatulukira, mwaitana anthu, mwati mundawo ndi wa mbumba, mulima ndinu. Munthu atafuna kuyankhula munamuuza chiyani pamaso pa gulu lija?"

"Ndidanena zoona. Mkamwini asamakule mwendo."

"Ayi, nenani zonse. Mudati mkamwini ndi tonde wobwereka, ntchito yake ikatha amabwerera kukhola kwawo. Anthu adaseka. Ngakhale ana adaseka. Ndiye lero mukudabwa?"

"Ndiye ukuti ndidamumangirira ndine?"

"Mfundo adamanga yekha. Koma chingwecho mudapota ndinu."

Saulosi adatukula dzanja ngati amumenya, kenako adalibweza. Adalavula pansi, nati aitanitsa abale a Stefano adzatenge munthu wawo, ndipo fodya yense ali m'chigafamo apsera momwemo chifukwa wapuma mpweya wa imfa. Adachoka akutokota mpaka kunjira.

Masiku otsatira Benedicta adaona mmene mudzi umaikira munthu m'manda wopanda khasu. Pamjigo amayi ankamusiyira mpata waukulu ngati wanyamula nthomba. Pansi pa mtengo pamene amuna amasewera bawo, Stefano atayesa kupitako tsiku lina, masewero adatha mwadzidzidzi, aliyense adakumbukira kuti ali ndi mbuzi zoti akamasule. Mnansi amene adawabwereka sefa adatuma mawu kuti asavutike n'kubweza, agula ina. Palibe adamutukwana Stefano, palibe adamuponyera mwala. Tidangomuchotsera moni basi, ndipo ine ndimati kumeneko n'kuipa koposa mwala, chifukwa mwala umasonyeza kuti munthu wamuona.

Benedicta adasonkhanitsa zingwe zonse za pakhomo ndi mabotolo a mankhwala a fodya n'kuziponya m'chimbudzi. Akapita kotunga madzi ankathamanga pobwerera, mtima uli m'mwamba. Adaonda m'sabata imodzi.

Lachinayi masana kudabwera a Hillary, wapampando wa mphakati wa kutchalitchi, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Adakana kulowa m'nyumba, nakhala pampando panja, chipewa pabondo. Stefano adatuluka n'kukhala pakhonde, maso pansi.

"Ndabwera ngati mbale," adayamba a Hillary. "Bambo a Chiso, mwatilakwira. Moyo si malaya oti munthu avule akatopa nawo. Mwini wake ndi Mulungu, ifeyo adangotibwereka. Kodi munthu wobwereka khasu amakaliponya m'chitsime chifukwa choti munda walimba? Amalibweza kwa mwini wake tsiku limene mwini wakeyo waliitanitsa. Choncho akhristu anzanu agwirizana kuti Lamulungu likubwerali muimirire kutsogolo, mupepese pagulu. Akaona kuti mwalapa, mwina mitima yawo ifewa."

Stefano adangotola kamtengo n'kumakanda pansi.

"A tcheya," adatero Benedicta, "za khasuzo mwanena bwino, sindikutsutsa. Inenso sindikuti adachita zabwino. Koma ndikufunseni. Pamene khasulo linkaguluka mumpini, inu mudali kuti?"

"Mayi a Chiso, ine ndikuyankhula ndi bambo."

"Bambowo adabwera kwanu. Atangowalanda munda adabwera kwanu, ndidawaona ndi maso angawa akulowera njira ya kwanu. Adakuuzani chiyani?"

A Hillary adatembenuza chipewa. "Adati tulo sakulipeza, mtima ukuwawa. Ine ndidawalimbikitsa. Ndidati alimbe mtima ngati mwamuna, apemphere, zonse zidzatha."

"Mudawalimbikitsa muli panjinga, phazi lina lili papedulo, mukuthamangira kwaya. Ndikunama?"

"Munthu sangadziwe za mumtima mwa mnzake. Tsoka silinunkha."

"Limeneli lidanunkha, a tcheya, mudatseka mphuno ndinu. Ndipo si loyamba. Mwamuna wa Cathy uja kuseri kwa mishoni tidamuika chaka chatha wopanda nyimbo. Mnyamata wa kabaza uja wa kuboda. Aphunzitsi opuma aja a ku Mlonyeni. Midzi yosiyana, mipingo yosiyana, wina mwa iwo Msilamu. Paliponse mudadula mtengo, mudati tathana nazo. Kodi ndi mitengo imene ikuwaitana anthuwa? Nkhuku imodzi ikafa mumati inali yofooka. Koma zikamafa motsatizana khomo ndi khomo simuimba mlandu nkhuku yakufayo, mumati kwagwa chitopa, n'kuyamba kufufuza kumene chachokera. Nanga pa anthu bwanji mukuti aliyense ndi tchimo lake lokha? Onsewa adayamba n'kutsala okha. Onsewa adagogoda penapake, wina n'kuwauza kuti alimbe mtima."

"Mukufuna kunena kuti kudzipha si tchimo?"

"Ndikufuna kunena kuti ngati Lamulungu kuli kupepesa, benchi yakutsogolo ikhale yaitali. Akhalepo bambo a Chiso, mukhalepo inu, akhalepo achimwene, akhalepo onse adaseka tsiku lija. Inenso ndikhalapo, poti ndinkagona nawo mphasa imodzi osaona kanthu. Koma kuti munthu mmodzi yemweyu, khosi lisanapole, akaime yekha anthu akumuyang'ana ngati nyama ya kumalo osungira nyama, ayi. Mukatero mukamumalizitsa."

A Hillary adavala chipewa chawo. Adati mkazi wolongolola amagwetsa nyumba yake ndi pakamwa, ndipo iwo asamba m'manja. Potsazika adaweramira Stefano chapatali, dzanja lili m'thumba la jekete.

Atachoka, Benedicta adatenga lichero la nyemba n'kukhala pakhonde pomwepo, nayamba kusankha mwaukali moti nyemba zabwino zinkagwera pansi limodzi ndi zofumbwa.

"Ukadangondisiya, make Chiso," adatero Stefano motsitsa mawu. "Bwenzi pano zonsezi zitatha. Taona mmene wadanirana ndi abale ako chifukwa cha ine."

Benedicta adaika lichero pansi.

"Mubwerezenso mawu amenewo, muone. Mukuganiza kuti poti ndikukumenyerani nkhondo kunjaku ndiye kuti ine sindidakwiye nanu? Ndakwiya, bambo a Chiso. Ndakwiya moti nthawi zina ndimafuna ndikugwedezeni mpaka mano agwe. Mudadzuka m'mawa uja, mudandifunditsa chitenje kumapazi, n'kutuluka. Mudandiona ngati chipupa? Mudakauza a Hillary, munthu wapanjira, ine mkazi wanu osandiuza?"

"Ndikadakuuza chiyani? Kuti mlongo wako wandivula pagulu? Ukadasankha ndani, iye kapena ine? Pano ndi panu. Manda a amayi ako ali apo. Ine ndidabwera ndi kachikwama."

"Mukadandifunsa mukadamva yankho."

Stefano adati, "Sindikudziwa ngati ndinkafunadi kufa. Ndinkafuna phokoso la m'mutumu lileke. M'mawa uliwonse ndinkadzuka, n'kugwira khasu, n'kufika panjira, n'kukumbukira kuti ndilibe kolowera. Kwathu ndidachokako kalekale, kuno ndine mlendo. Ndinkadziona ngati munthu woti akachoka, malo ake sangaoneke n'komwe."

"Nanga pano phokosolo lilipo?"

"Limabwera."

Benedicta adasendera pafupi naye. Adamukumbutsa kuti namwino amene adamutulutsa adanena kuti abwererenso kuchipatala cha paboma, kuli munthu amene ntchito yake ndi kumvetsera anthu a mtima wolemedwa chonchi, ndipo ambiri amachira. Stefano adapukusa mutu. Adati sangadutse pamsewu anthu onse akumuyang'ana pakhosi.

Sabata yotsatira kudafika Tabeth, mlongo wake wa Stefano, pakabaza kuchokera kwa Zulu. Malume awo, amene adali nkhoswe, ankadwala, ndiye adatuma iyeyo. Adakhala pansi pa mtengo wa mango, Saulosi pampando, Tabeth ndi Benedicta pamkeka. Saulosi adamuikira Stefano njerwa chapatali, ngati mlandu ukukambidwawo ndi wa munthu wina.

"Mawu anga ndi ochepa," adatero Saulosi. "Tidabwereka, tikubweza. Mutengeni."

"Mukubweza chiyani?" adafunsa Tabeth. Adali mayi wa pakamwa pakuthwa, wozolowera kukangana ndi madalaivala a mathiraki kuboda kumene ankagulitsa nthochi. "Mudamutenga ali mnyamata wa mphamvu zake. Wakumangirani nyumba, wakulimirani, wakuberekerani ana. Mwadya nyama yonse, lero mukutibwezera chikopa? Kwathu munda kulibe, tidagawana kalekale. Akadya chiyani?"

"Zimenezo ndi zanu. Ife chomwe tikudziwa n'chakuti munthu wotere amabwereza. Akabwereza pano, manda athu salandira munthu wodzipha. Adzukulu anena kale kuti sadzagwira khasu."

"Ndiye athu ndi amene amalandira? Kwathu ndiye kudzala kotayako zokanika zanu? Akafera kuno ndi maliro anu, alamu. Adadwalira m'manja mwanu."

"Mtembo umapita kwawo!"

"Kwawo ndi kumene adathera mphamvu!"

Adakokanakokana choncho kwa nthawi, uyu manda, uyu manda, mwini mandawo ali pa njerwa akumva. Ndanena kale kuti tili ndi nzeru zochuluka. Anthu awiri akuluakulu, opita kutchalitchi, adatha theka la tsiku akukankhirana mtembo wa munthu amene ankapuma patsogolo pawo.

Benedicta adapirira mpaka adalephera.

"Achimwene, musanapitirize, auzeni alamu anga chimene chidakubwezani kuno. Simukufuna? Ku Mlonyeni kwa akazi anu, alamu anu adakulandani dimba. Adakuuzani mawu omwewo a tonde wobwereka. Mudafika pano ngati nkhuku yonyowa, osadya, osayankhula. Adakhala nanu pakhonde ili masiku onse aja ndani? Adakugawirani mbewu ndani? Si munthu yemweyu mwamukhazika pa njerwayu? Inu mukudziwa kuwawa kwake kuposa tonsefe. Koma m'malo momumvera chisoni mwatenga chikwapu chomwe adakukwapulirani n'kukwapula nacho mnzanu. Chaona mnzako chapita, achimwene. Inu chidakuonani kale, ndipo simudaphunzirepo kanthu."

Nkhope ya Saulosi idachita bii. Nkhani imeneyi ankaibisa, ankauza anthu kuti adabwerera kudzasamala mbumba.

"Iwe ndiwe mwana," adatero Saulosi. "Ine ndidalandidwa, inde. Kodi ndidakatenga chingwe? Ndidaluma mano!"

"Mudaluma mano chifukwa mudali ndi kothawira. Mudali ndi mlongo, mudali ndi munda woti mulande. Iwowa akalande wa ndani?"

Pamenepo Stefano adakweza mutu. Mawu ake adali osasa, moti onse adachita kutchera khutu.

"Alamu, ndi iwe mlongo wanga, mwakamba bwino za manda anga. Ndamva kuti kuno malo kulibe, kwathunso kulibe. Ndiye kaya ndiyambe ndadikira kaye mpaka mugwirizane." Adaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Ine ndimayesa mwabwera kudzandiona. Chitulukireni m'chipatala, kupatula mkazi wangayu, palibe munthu wandigwira dzanja. Ngakhale iwe Tabeth, wandipatsa moni uli uko ngati ndine apongozi ako."

Tabeth adayang'ana manja ake. Patapita kanthawi adanena motsitsa kuti abwera Loweruka ndi ngolo ya amuna ake adzamutenge, zina zikaonekera komweko. Saulosi adati zili bwino, Loweruka lomwelo chigafa chipsa, ndipo Benedicta ndi ana atsala pamudzi pa amayi awo monga mwa mwambo. Palibe adafunsa Benedicta ngati wavomera.

Loweruka kudacha ndi kamvula kowaza. Anthu adayamba kusonkhana dzuwa lisanakwere, ndipo adabwera ambiri, kuposa amene adabwera kudzathandiza tsiku limene Benedicta adakuwa. Adaima patali mozungulira, amayi atafunda zitenje, amuna manja kumbuyo. A Hillary adalipo. Saulosi adabweretsa beseni la madzi a mankhwala, loti anthu asambe m'manja moto ukatha, monga timachitira pochokera kumanda. Ngolo ya Tabeth idaima kunjira, ng'ombe zikupukusa michira.

Chigafacho chidali chodzaza. Fodya wa chaka chonse, amene Stefano ndi Benedicta adafesa kunazale, kuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka tsamba ndi tsamba, adali lende pamikangala, timitengo topachikapo fodya, atafiira bwino. Saulosi adayatsa mtolo wa udzu wouma umene adausunga m'khitchini, nayamba kuyenda.

Benedicta adathamanga n'kukaima pakati pa chigafacho.

"Yatsani," adatero. "Mudati chilichonse chimene chidapuma mpweya wa imfa chipse. Ine ndidamunyamula pachifuwa panga pomwe pano. Yambani ndi ine."

"Choka apo, usandiyese!"

"Sindichoka. Anthu inu mwabwera kudzaonerera, onererani bwino."

Anthu adayamba kung'ung'udza. Ena ankati mkaziyu wapenga, ena ankati amukoke. Ali mkati mokangana, chitseko cha nyumba chidatseguka, Stefano natuluka. Adadutsa pakati pa anthuwo, iwo n'kumapatuka ngati akudutsa ndi njoka. Adalowa m'chigafa, malo amene sadapondemo chichitikireni zija. Adagwira tsamba limodzi la fodya, nalifinya m'manja, nalitambasula. Silidathetheke. Mlimi aliyense pagulupo adadziwa tanthauzo lake: chinyezi cha mvula chidafewetsa fodya, ndipo m'mawa wotere ndi umene fodya amatsitsidwa.

Kenako adagwira nsanamira n'kuyamba kukwera.

Mayi wina adakuwa. A Hillary adagwira pakamwa. Benedicta adaona mwamuna wake akufika pamtanda womwe adadzimangirirapo, koma adadziletsa, sadamugwire mwendo. Stefano adakhala pamtandapo, namasula mkangala woyamba, nautsitsa pansi.

"Make Chiso, landira."

Benedicta adalandira. Adalandiranso wachiwiri ndi wachitatu mpaka manja adadzaza. Kutsitsa fodya si ntchito ya anthu awiri. Pamafunika wina pamwamba, wina wolandira, ena otuta, ndipo pamudzi pathu ntchito imeneyi timathandizana chikhalire, khomo ndi khomo, osachita kuitana. Stefano yemweyo adakwerapo m'zigafa za theka la amuna amene adaima pamenepo. Adatsitsa mkangala wina n'kuugwira m'malere, akuyang'ana anthuwo mmodzimmodzi.

"A Kenny," adaitana mnansi wake. "Tandilandirani."

A Kenny adayang'ana kumapazi kwawo.

"A tcheya?"

A Hillary adayamba kupukuta magalasi.

"Alamu?"

Saulosi adangoti tong'o, udzu ukunyeka m'manja mwake mpaka adautaya pansi moto utamufika pazala. Mkangalawo udamulemera Stefano, koma sadaubweze. Amuna onse aja, odziwa kuluma mano, adaima ngati zitsa. Ndikakumbukira kuima kumeneko mpaka lero ndimapsa mtima.

Amene adasuntha ndi Tabeth. Adamanga chitenje m'chiuno, nakankha anthu ndi zigongono, nalowa m'chigafa. Asanalandire fodyayo adatambasula dzanja n'kugwira dzanja la mlongo wake, naligwira nthawi yaitali.

"Tsitsani, achimwene," adatero. "Ngolo ilipo."

Adagwira ntchitoyo atatu, dzuwa likukwera, gulu lonse likuonerera. Pamene mkangala womaliza unkatsika, Stefano adali thukuta lokhalokha, ndipo adatsika yekha pansanamira. Saulosi sadadikire. Adayatsa udzu wina n'kuuponya padenga, ngati akuopa kuti akachedwa anthu aona kuti wagonja. Denga lonyowalo lidavuta kugwira, lidafuka utsi wambiri, kenako lidayaka.

Anthu adapuma mpweya wa mpumulo. Adafola pabeseni paja mmodzimmodzi, kusamba m'manja, kuwaza kumapazi, monga anthu ochokera koika maliro. Stefano adali chilili pambali pa ngolo akuwaona akusamba imfa yake.

Benedicta adalowa m'nyumba, natuluka ndi mtolo wa zovala pamutu, ana ake awiri ali pambuyo. Podutsa pabeseni paja adaliponda ndi phazi, madzi onse n'kutayikira pa nsapato za a Hillary. Adakweza ana pamwamba pa fodya.

"Ukupita kuti iwe?" adafuula Saulosi. "Wochoka ndi uyu! Mkazi sachoka pamudzi pa amayi ake!"

"Mwaika maliro, achimwene, mwasamba m'manja. Ine wamasiye ndikutsata mtembo wanga."

"Ukachoka pano, nyumba iyi ndi munda uja usadzazifunsenso! Ndikunena pamaso pa anthu!"

"Mulime. Mukadzatopa mudzagone momwemo, muone ngati munda umayankha munthu akamaulankhula."

Adakwera. Tabeth adamenya ng'ombe, ngolo idanyamuka, ndipo anthu adapatuka. Benedicta sadacheuke kuyang'ana nyumba imene adabadwiramo ana ake, ngakhale misozi inkatsika. Stefano adakhala pambali pake, khosi lili poyera, osaliphimba.

Atafika pamphambano, Tabeth adafuna kukhotetsa ng'ombe kulowera kwa Zulu.

"Ayi alamu," adatero Benedicta. "Inu pitani ndi ana ndi fodyayu. Ife titsika pano, tikwera kabaza wa kuboma. Kuchipatala kaye."

Stefano adayang'ana msewu, anthu ali pikitipikiti, njinga, mathiraki opita kuboda.

"Nanga tikachoka kumeneko tikagona kuti, make Chiso?"

"Sindikudziwa. Tsikani."

Stefano adatsika, natambasula dzanja kuti amuthandize mkazi wake kutsika.

Kumudzi kuja moto udazima chakumasana, padatsala nsanamira zakuda zokhazokha. Anthu adabalalika akuuzana kuti mwambo wayenda bwino, mudzi wayera, tsopano agona tulo. Amuna adabwerera kubawo. Palibe ngakhale mmodzi adafunsa kuti ngolo ija yalowera kuti.